Mapiritsi ndinataya ndekha, mlandu ndinapatsa mpongozi

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ambiri mumandidziwa. Ine sindinkakhulupirira munthu. Wondimwetulira ndinkati pali chimene akufuna. Wondigawira usipa ndinkayamba ndaununkhiza.

Mwana wanga wamwamuna atamira panyanja ku Mbenji, mtima wanga unazima. Kudya ayi, kusamba ayi, ndinkangokhala. Mkazi wake, amake Tadala, tinawasudzula monga mwa mwambo, koma sanabwerere kwawo ku Khombedza. Anatsala ndi ana kuti azindisamala. Ndiwo ananditengera kuchipatala, kumene anandipatsa mapiritsi a matenda ovutika maganizo. Ndinamwa nthawi yaitali ndithu, mpaka ndinayambanso kugwira khasu.

Tsiku lina pamjigo ndinamva mayi wina akunong'ona, "Agogo aja amamwa mankhwala a amisala." Ndinadzifunsa kuti wawauza ndani. Nditafika kunyumba ndinataya mapiritsi onse m'chimbudzi, osauza munthu.

Sipanapite nthawi, zinandiyamba. Chizungulire, nseru, thukuta lozizira. Ndikatembenuza maso, m'mutu ng'ani! ngati mwadutsa magetsi. Ndinkalota zoopsa. Ndinkakalipira adzukulu popanda chifukwa, kenako n'kuyamba kulira.

Za mapiritsi sindinaganize n'komwe. Ndinati andidyetsa. Nanga wondiphikira ndani?

Mukudziwa kuti kwathu kuno wopereka thobwa amayamba walawa, kuchotsa ufiti. Ine ndinalamula mpongozi wanga kuti azilawa chilichonse: phala, ndiwo, ngakhale madzi akumwa. Ndinkayang'anitsitsa pakhosi pawo kuti amezedi. Ankalawa ndithu. Matenda osaleka. Ndinati ndiye kuti iwo anakhwima, zawozo siziwagwira.

M'mawa wina ndinazinena pabwalo, anansi akumva. "Mwana wanga munamudya, tsopano mukufuna ine."

Amake Tadala anagwada pansi. "Amayi, basi. Ndikupita kwathu ndi anawa."

Anamanga katundu. Ndinaimirira kuti ndiwatsekere chitseko kumbuyo, koma nthaka inapendekeka, ndinagwa pakhonde. Akanatha kungopita. Ndani akanawadzudzula? Koma anatula katundu, n'kuitana wa njinga yamoto, n'kundigwirizira kumbuyo mpaka kuchipatala.

Adokotala atandipima anafunsa, "Agogo, mapiritsi aja mukumwabe?"

Ndinaweramitsa mutu.

"Munasiya nokha, eti? Thupi linawazolowera, sasiyidwa mwadzidzidzi. Palibe wakudyetsani kanthu."

Amake Tadala anali chiimire pambali panga, atandinyamulira nsapato. Abale, manyazi amenewo sindingawafotokoze. Pamenepo ndi pamene ndinalira kwa Yesu koyamba ndi mtima wonse, ngakhale kutchalitchi ndakhala ndikubwera kuyambira utsikana. Ndinati, "Ambuye, ndatopa kudzilondera ndekha. Ndalonda aliyense, koma wondipweteka anali ine mwini. Ndilondereni Inu."

Achipatala anandiyambitsanso mankhwala, kenako anayamba kuchepetsa pang'onopang'ono, akundiona pafupipafupi. Sindikunamizani kuti zonse zinatha. Masiku ena chizungulire chimabwerabe, ndi magetsi aja m'mutu. Zikatero ndimakhala pansi pomwepo, ndimwe madzi, ndiimbe nyimbo yafuko chapansipansi mpaka zidutse. Chachikulu, ndimanena. Ndimati, "Amake Tadala, zayambanso." Kale ndikanabisa. Zikakula timabwerera kuchipatala.

Mawu oipa aja ndinawanena poyera, choncho ndinaitana anansi omwewo pabwalo pomwepo n'kupepesa poyera. Mawondo okalambawa anagwadira mwana. Mpongozi wanga sanapite, ndipo adzukulu anga ndili nawo. Koma kuseka kumene ankaseka nane kale sikunabwererebe. Bala ndinalitema ndine. Mutipempherere.

Mtima wokayikira nawonso sunatheretu. Nthawi zina umandinong'onezabe kuti chenjera. Ndimauyankha kuti ndili naye Mlonda amene saodzera.

Ndikutamanda Mulungu amene sananditaye, amene anagwira ntchito kudzera mwa achipatala ndi mwa mkazi wamasiye amene ndinamunyoza. Ulemerero ukhale kwa Iye.

Inu amene mukumwa mankhwala otere, musachite nawo manyazi, ndipo musawasiye panokha chifukwa cha pakamwa pa anthu. Kafunseni kuchipatala. Ndipo ngati mulipo wina wotopa ndi kuopa aliyense monga ndinalili ine, bwerani kwa Yesu lero. Ngati mukuopa kubwera nokha, gwirani dzanja la amene mwakhala naye pafupi, mubwere awiri. Ameni.