Aphunzitsi a Mbewe Sanafike pa Ndime Yomaliza

Malemu bambo Yesaya Mbewe anabadwa pa 4 Meyi 1913 ku Dedza, ku Nyasalande. Ali mnyamata analowa kudambwe, ndipo mu 1927 anabatizidwa kumishoni kumene anaphunzira mpaka Sitandade 6. Ziwirizi, dambwe ndi mpingo, sanatayepo n'chimodzi chomwe, n'chifukwa chake lero mitima yathu ili m'mwamba.

Mu 1936 anafika kuno ku Selous, m'dziko la eni, pa ulendo wapansi, nayamba kusankha fodya pa pulazi lino. Mu 1941 anakwatira mayi Esinati, amene amati powafunsira, malemu anayamba atchula kaye kuipa kwa banja, ubwino wake pambuyo.

Mu 1954, mzungu wa pulazi atalola sukulu, malemu anakhala mphunzitsi. Ana amene anawaphunzitsa akukumbukira lamulo lawo la chimangirizo cha mtsutso. Poyamba utchule nkhani osaonetsa kumene wapendekera. Kenako mbali imodzi ndi zifukwa zake. Mbali inayo, ngakhale ikunyanse, uilembe moti mwini wake atamva avomere kuti ndi mawu ake. Maganizo ako amabwera m'ndime yomaliza. Wothamangira kugamula ankabwezedwa kukayambiranso, nauzidwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mu Juni chaka chino cha 1959 chifuwa chinawagwetsa. Zitafika pothina, mng'ono wawo bambo Joze anawafunsa kuti adzawaike ndani, ampingo kapena akudambwe. Malemu anafotokoza bwinobwino chifukwa chimene ampingo ayenera kuwaika m'manda. Atapuma, anafotokozanso za akudambwe, mosachepetsa. Bambo Joze anadikira chigamulo. Mpweya unatha asanafikepo, Lachiwiri pa 14 Julayi.

Tsono ampingo muli apa ndi nyimbo zanu, akudambwe muli uko ndi ng'oma. Tisabise, tili ndi mantha. Masiku ano anthu akasonkhana boma limatchera khutu, ndipo mzungu wanenetsa kuti kukamveka ndewu, sukulu aitseka, mayi Esinati atuluke m'nyumba ya kukomboni. Mayiwa anabadwira pamapulazi. Ku Dedza sakudziwako ngakhale njira.

Choncho banja lagwirizana motere: ampingo apemphere pakhomo pano mpaka amalize, ng'oma ili chete. Bokosi likadutsa chigafa cha fodya, ng'oma ilire, ampingo osadzudzula. Amene dzanja lamuyabwa, ayang'ane kaye mayi Esinati.

Malemu asiya mkazi, ana atatu, Fredson, Lestina ndi Masozi, komanso mdzukulu mmodzi. Tikuthokoza bambo Kassimu, anzathu achisilamu, pokhoma bokosi, adzukulu okumba manda, ndi amayi onse amene mwagona pasiwa.

Aphunzitsi, usani mumtendere. Ndime imene munaisiya tiyesa kuimaliza ife, chonde mbali iliyonse idikire inzake.