Nkhungu Ziwiri

Okondedwa omvera, ndine nkhalamba ya ku Thyolo, ndipo zimene ndikuuzenizi zinachitika nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe.

Ndinali nditangofika kuchokera kwa Apwitikizi, Chinyanja ndikuchimva mwa apo ndi apo. Ndinkaphika m'kanyumba kodyera m'mbali mwa munda wa tiyi, momwe makalaliki ankagula buledi woika nyama pakati. M'mawa nkhungu inkatsika paphiri n'kumeza mizere ya tiyi pamodzi ndi othyola omwe, kungotsala nyimbo zawo zikuyenda zokha.

Tsiku lina kunabwera bambo oyendera zaukhondo, buku lili m'khwapa. Ananunkhiza m'kabati, analemba, kenako anati, "Achimwene, musalole nkhungu igwire buledi."

"Inde bwana," ndinatero.

Ine ndinkadziwa nkhungu imodzi yokha, yapaphiri ija, ndipo ndinachita manyazi kufunsa. Ndinatseka mawindo, buledi ndinkamukulunga m'nsalu akadali wotentha n'kumutsekera m'chitini. Atayamba kumera timadontho tobiriwira, ndinkangopala ndi mpeni. Wotsala ndinkapatsa mkazi wanga, amene anali woyembekezera.

Anadwala m'mimba masiku anayi, ine ndili m'mbali mwa mphasa kumvetsera mpweya wake. Mwamwayi anachira, mwananso anabadwa bwino.

Bambo aja atabweranso anatsegula chitini n'kuloza zobiriwirazo. "Nkhungu ndinkanena ija ndi iyi." Analemba m'buku mwawo, ntchito inandithera pomwepo.

Anzanga, mawu mukapanda kuwamvetsa muzifunsa, manyazi anatsala pang'ono kundiphetsa anthu awiri. Mpaka lero nkhungu ikatsika ndimatsegula windo kuti ilowe. Ndinaitsekera kunja ilibe mlandu.