Juzi Imene Anaimasula ku Katoto

Abale ndi alongo mwa Ambuye, munthu amene anandilakwira ndi mayi anga aang'ono, a Esinati, mng'ono wawo wa malemu mayi anga. Anamasula juzi imene mayi anandilukira asanamwalire. Anaimasula osandiuza, ine ndili kusukulu, kuti ulusi wake alukire mwana wawo chipewa ndi masokosi.

Ena mwina mukuseka kuti nkhani yonseyi ndi ya juzi basi. Sekani, palibe vuto. Koma juzi imeneyo inandidyera zaka zisanu ndi zinayi.

Dzina langa ndine Limbani. Ndinabadwira konkuno ku Mzuzu, ku Msongwe, ngakhale kwathu kwenikweni ndi ku Mulanje. Bambo sindiwadziwa. Mayi ankagulitsa tiyi ndi mandasi, ndipo akapeza mpata ankaluka. Juzi ija anandilukira ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Inali ya maruni, yochindikala, yaikulu dala kuti ndikulire momwemo. Mikono ndinkachita kupinda kawiri.

Patapita zaka ziwiri mayi anandisiya. A Esinati ananditengera kwawo ku Katoto, kumene anali atangokwatiwa ndi bambo wina wogwira ntchito mu ofesi. Sindinganame pamaso pa Mulungu. Ankandidyetsa, ankandiphunzitsa, bedi ndinali nalo. Koma mtima wanga unali pa juzi. Kuzizire, kutenthe, ine ndi juzi. Inabooka pachigongono, inayamba kulekeza pamchombo, ine osaivula. Kwa ine inkanunkhabe utsi wa mbaula ya mayi.

Tsiku lina, ndili Fomu 2, ndinaichapa m'mawa n'kuisiya pachingwe. Pobwera madzulo ndinapeza a Esinati atakhala pakhonde, ali oyembekezera, mipira inayi ya ulusi wa maruni ili pamiyendo pawo. M'manja mwawo munangotsala kansonga ka mkono umodzi, paja pamagwira dzanja. Ndinakatsomphola.

Ndinafunsa kuti achitiranji zimenezi. Anandiyankha osandiyang'ana n'komwe.

"Inakuthina kalekale. Mayi ako sali mu ulusi, Limbani. Mwana akubwerayu avala chiyani mu Juni?"

Ndinalowa m'nyumba n'kugwetsa kabati ya mbale. Zonse zinasweka, ndi makapu a paukwati wawo omwe. Ndinatuluka ndi yunifolomu imene ndinavala ndi kansonga kaja m'thumba. Sukulu inathera pomwepo.

Kuyambira tsikulo sindinawatchulenso kuti mayi. Ndinkangoti mzimayi wa ku Katoto uja. Ndipo ndinayamba kukonza mawu oti ndidzawauze pamaso tsiku limene tidzakumane. Ndinkawanola tsiku ndi tsiku. Chaka chilichonse ndinkawonjezera ena opweteka kuposa oyamba. Muno m'nyumba ya Mulungu sindingawabwereze.

Ndinayamba ndi kusenza katundu mumsika. Kenako ndinapeza njinga yonyamula anthu, zija kuno timati sakaramento. Ndinkapeza ndithu, koma zonse zinkathera ku kachasu. Anzanga pasiteji ankanditchula kuti Petulo, chifukwa sindinkachedwa kuyaka. Munthu kungondiponda chala, nkhonya. Ku Chibavi kuli bambo wina amene mpaka lero alibe dzino lakutsogolo chifukwa cha ine, ndipo chimene tinayambanirana sindichikumbukira.

Wina akati ndimunyamule kupita ku Katoto, ndinkakana, ngakhale tsiku litakhala louma bwanji. A Esinati anatuma anthu kawiri kudzandiitana. Kachitatu anatumiza bulangeti. Ndinagulitsa tsiku lomwelo, n'kumwera.

Chaka chatha, m'mwezi wa Meyi, kunacha ndi mvula yowaza ija mukuidziwa. Kondakitala wa minibasi anakankha njinga yanga ndi phazi kuti galimoto yawo iime bwino. Ndinatola mwala n'kuuika m'shati. Minibasi itanyamuka ndinaithamangitsa pamtsetse, ndikupalasa ngati wamisala. Mabuleki anali atanyowa. Ndinakathera mu ngalande. Mwendo unathyoka pawiri, ndipo gudumu lakutsogolo linapindika osakonzekanso.

Kuchipatala anandiika chikhakha mpaka pantchafu. Anzanga a kumowa anabwera kudzandiona kamodzi. Kenako zii.

Nthawi imeneyo ndinkachita lendi kachipinda kuseri kwa nyumba ya a NyaChirwa, ku Chibavi. Ndi mayi wamasiye wochokera ku Nkhata Bay, wa mpingo uno, ndipo ali apo mzere wachitatu, akundiyang'ana kuti ndisawonjezere nkhani. Ankandibweretsera phala m'mawa n'kundipeza ndikutukwana khoma.

Sabata yachiwiri anatenga gudumu lopindika lija, n'kuzula masipoko awiri ndi pulayala. Anawawongola, n'kuwanola nsonga pasitepe ya simenti kuti akhale singano zolukira. Analowa nawo m'chipinda changa pamodzi ndi juzi yakale yobiriwira ya pakaunjika.

"Mwawuka uli, a Petulo? Mwendo wagona, koma manja ali maso. Gwirani."

"Zimenezo n'za azimayi," ndinatero.

"Yayi. Kuzizira kwa Mzuzu sikufunsa kuti ndiwe mwamuna."

Anakhala pampando n'kudula ulusi m'mphepete mwa juzi ija, n'kuyamba kukoka. Mizere inayamba kutha umodzi umodzi. Abale anga, thupi langa lonse linatentha. Ndinawakalipira kuti atuluke. Ndikanakhala ndi miyendo iwiri sindikudziwa chimene ndikanachita. Iwo sanasunthe. Anangosiya kukoka n'kumadikira.

Mpweya utandithera, ndinatulutsa kansonga kaja pansi pa pilo. Ndinawafotokozera zonse. Aka kanali koyamba kuuza munthu.

A NyaChirwa anakatenga, n'kukatembenuza kunsi, n'kukayang'ana nthawi yaitali pawindo.

"Ulusi uwu sunachokere kusitolo. Mwaziona mfundozi? Apa unaduka, analumikiza. Apanso. Imeneyi inali juzi ya munthu wina mayi anu asanaigwire."

Ndinati akunama. Sanalimbane nane. Anangoti nditambasule manja.

Kwa amene simuluka, ulusi womasula pa juzi umakhala wopotanapotana. Sungaulukire choncho. Umayamba waukulunga pamanja a mnzako, n'kuuchapa, n'kuuyanika utamangirira kamwala kunsi kuti uwongoke. Ndiye ndinatambasula manja, iwo n'kumazunguliza, kumanzere, kumanja, kumanzere, kumanja.

Manja anga ndi amene anayamba kukumbukira.

Ndinadziona ndili ku Msongwe, ndili mwana, manja nditatambasula chimodzimodzi, mayi akukulunga ulusi wa maruni. Pamphasa panakhala mtsikana atafunda chitenje, akunjenjemera uku akuseka. Anali a Esinati, asanakwatiwe, atabwera kudzacheza kuchokera ku Mulanje. Anabwera atavala juzi ya maruni, imodzi yokhayo imene anali nayo. Atandiona ndikupita kusukulu ndi shati yokha, ndikutsokomola, anaivula n'kuwapatsa mayi kuti amasule. Ulendo wonse wa basi wobwerera kwawo anayenda atangofunda chitenje.

Kodi ndinali nditaiwala? Sindikudziwa. Mwina mkwiyo ndi umene unkandisankhira zoti ndizikumbukira.

Sindikunena kuti a Esinati anachita bwino. Anayenera kundifunsa. Mawu amene anandiuza pakhonde paja anali olasa, ndipo ine ndinali mwana wamasiye. Koma kwa iwo ulusi unali chinthu choyenda, chochoka kwa amene wakula kupita kwa amene akumva kuzizira. Ndi mmene unafikira kwa ine. Ine ndinkafuna uthere pa ine.

Sindinatembenuke mtima tsiku lomwelo ayi. Ndinangoyamba kuluka, chifukwa panalibe china chochita. Masipoko aja ndinawaponya kukhoma kosawerengeka. A NyaChirwa ankawatola, n'kundibwezera. Tisanayambe ankapemphera pang'ono, theka Chitumbuka theka Chichewa, ine n'kumangoyang'ana kudenga.

Chimene chinkandipsetsa mtima kwambiri chinali ichi. Ndimaluka bwinobwino, iwo n'kuloza ndi chala.

"Mwalakwitsa mizere isanu kumbuyoku. Masulani."

"Palibe angaone."

"Inu mwaona."

M'mawa wina mu Julayi ndinali pakhonde, mwendo uli pa ndowa, ndikumasula mkono womwewo kachitatu. Ndinazindikira kuti sindinakwiye. Ndinkangokoka ulusi mwakachetechete kubwerera pamene ndinalakwitsa. Misozi inayamba kutsika yokha. Ndinawauza a NyaChirwa kuti moyo wanga ndauluka zaka zisanu ndi zinayi pamwamba pa cholakwika, ndipo ndekha sindingathe kubwerera.

Anakaitana abusa. Tinapemphera pakhonde pomwepo, nkhuku zikuyendayenda pabwalo. Panalibe phokoso, panalibe kugwa pansi. Ndinaulula za mowa, za anthu amene ndinawamenya, za mwala umene ndinautola, za kabati ya mbale. Ndinapempha Yesu kuti anditenge mmene ndinalili. Ananditenga. Tsiku limenelo ndinadya n'kukhuta, ndipo chifuwa changa chinapepuka ngati ndatula katundu wa mumsika.

Ludzu la mowa silinathe tsiku limodzi. Mkwiyo nawo umabwerabe, sindikubisireni. Koma tsopano ukafika umapeza manja ali pantchito, ndipo ndimakhala ndi mpata woitana dzina la Ambuye ndisanatsegule pakamwa. Bambo wa dzino uja ndinakamupepesa. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kuti yewo, zikomo ya kunoyi.

Chikhakha atachotsa, mwendo sunalolenso kupalasa ngati kale. A NyaChirwa anandiphunzitsa kusoka pa makina awo opukusa ndi dzanja. Thalauza yanga yoyamba mwendo wina unatalika, mwakuti ndinkaoneka ngati ndaima pamtsetse. Koma iyi ndavalayi ndasoka ndekha. Shatiyi ndasoka ndekha. Juzi yobiriwirayi ndi ija ya pakaunjika, ndinailuka ndi masipoko a njinga imene inandigwetsa. Anzanga a pasiteji anasiya kunditchula Petulo, pano amati agogo. Awiri mwa iwo avala zipewa zanga chaka chino.

Miyezi iwiri yapitayo ndinamva kuti amuna awo a Esinati apuma pantchito, ndipo banja lonse likubwerera ku Mulanje. Ndinadziwa kuti akakwera galimoto ndisanawaone, mwina sitidzaonananso. Ndinadziwanso kuti mawu akale aja akadali m'mutu mwanga, onse, m'ndondomeko yake. Ndinkaopa kuti ndikangowaona nkhope, ndi omwewo amene adzatuluke.

Ndinazungulira kaunjika masabata awiri kufuna maruni. Ndinapeza majuzi awiri, ina yodera pang'ono kuposa inzake. Ndinamasula, ndinachapa, ndinayanika ndi kamwala. Ndinaluka masabata asanu, ndikupemphera mzere uliwonse. Msinkhu wawo ndinkangoganizira, poti papita zaka. Pa mkono wakumanzere ndinalumikizapo kansonga kaja, kamene ndinakasunga kuchokera tsiku limene ndinachoka. A NyaChirwa ataona anati mtundu wasiyana chomene. Ndinati zisiyeni choncho.

Ndisanakuuzeni mmene zinathera, ndiloleni nditamande Mulungu. Iye sananditaye ngati chovala chong'ambika. Anakhala nane pansi, moleza mtima, n'kubwerera nane mpaka pamene ndinasokonekera. Ulemu ndi matamando zipite kwa Iye. Ndipo ngati muno muli wina amene akusunga mawu oti adzauze mnzake pamaso, amene ali ndi msewu umene sadutsa chifukwa cha munthu wina, ndikukupemphani, musadikire ngalande ngati ine. Bwerani kwa Yesu lero. Mukafuna wokhala nanu, tikatuluka mundipeza panja, tipemphere limodzi.

Loweruka lapitali ndinapita ku Katoto, wapansi, ndi ndodo yanga, juzi ili m'jumbo. Pabwalo panali makatoni ndi matumba omangamanga. A Esinati anali pakhonde lomwe lija, akukulunga makapu m'manyuzipepala. Imvi zayamba. Ndi aafupi kuposa mmene ndinkawakumbukira.

Atandizindikira anaimirira. Ndinaona dzanja lawo likubisa kapu kumbuyo. Chimenecho chinandipweteka kuposa mwendo. Mayi amene anandivulira juzi yawo ankandiopa.

"Limbani," anatero. "Wabwera bwino?"

Mawu akale aja anafika onse pakhosi. Ndinawamva. Ndinawasiya adutse. Kenako ndinatsamiritsa ndodo kukhoma, ndinagwada mmene mwendo unandilolera, ndinatulutsa juzi ija n'kuipereka ndi manja awiri. Maso awo anapita pa mkono wakumanzere n'kukhala pomwepo.

Ndinati, "Amayi, munandipweteka, koma ndakukhululukirani. Nanunso mundikhululukire. Juzi yanu ija ndi iyi. Tayesani. Ikakuthinani, ndikamasula."