Makwini Awiri a Bambo a Melissa

Loweruka masana, m'nyumba yawo yalendi ku Roysambu, kudziko la eni kumene ankagwira ntchito, a Vitus anazimitsa wailesi mokwiya. Inali itangolengeza kuti aphungu akufuna kukhwimitsa lamulo la njuga za pa intaneti, ndipo akazi a Vitus, a Immaculata, ndiwo anasankhidwa kukaimira amayi a kutchalitchi pa msonkhano womva maganizo a anthu.

"Mayi a Melissa, mukakaimirira kumeneko, mukanene kuti poka asaikhudze."

"Poka ndi ndani?" anafunsa a Immaculata, akusita yunifomu ya kwaya.

"Masewera a makadi aja ndimachita pafoni. Lamulo likadutsa, atitsekera tebulo."

A Immaculata anayang'ana tebulo la pabalaza. "Limeneli? Tinagula tokha ku Ngong, tinalikweza pa minibasi zija amati matatu, anthu akutitukwana. Atseke bwanji?"

"Osati ili! La m'fonimu. Timakhalapo anthu angapo, wina ali m'tauni momwemuno ku South B, wina ku Dubai."

"Tebulo lalitali chonchi?"

A Vitus anapumira m'mwamba. Ku ofesi amaphunzitsa anthu akuluakulu za chitukuko ndipo amawaombera m'manja. Mkazi mmodzi sangawakanike.

"Tamverani. Poka si njuga. Njuga ndi mwayi, poka ndi luso. Mwachitsanzo dzulo, ndinali ndi makwini awiri m'manja."

Simbi inaima.

"Awiri?"

"Eya, okongola zedi. Ndinkangodikira wachitatu."

"Mayo ine! Wachitatunso? Dzulo lomwelija munkati muli ku semina?"

"Pa nthawi yopuma! Makwini a pa makadi, amayi, zithunzi chabe!"

"Anakutumizirani ndi zithunzi zomwe."

"Palibe anatumiza! Amagawa ndi makina. Ndiye poto anali atadzaza..."

"Amakuphikiraninso?"

"Poto ndi zimene aliyense waponya pakati!" A Vitus anamenya khushoni. "Wopambana amatenga zonse."

"Ndiye inu munatenga?"

A Vitus anakanda kumutu. "Anatenga wa ku Dubai. Anandinamiza. Anachita ngati ali ndi makadi amphamvu, ine n'kugonja, pomwe analibe kanthu."

"Wabodza ameneyo. Mukamunenere."

"Ayi, kunamizako n'kololedwa. Ndiye luso lakelo."

"Bodza n'lololedwa, makwini ngololedwa. Nanga aphunguwo akuchedwa ndi chiyani?"

"Aphunguwo sadziwa kanthu!" A Vitus anadzuka n'kuyamba kuzungulira pabalaza, chala m'mwamba. "Akatseka, anthu athawira ku masamba a pa intaneti a kunja, boma liluza msonkho, akatswiri ngati ife tisowa kolowera. Poka imafuna masamu. Imafuna kuwerenga mtima wa munthu. Imafuna kudekha!"

"Mwaponda waya wa simbi."

"Kudekha, ndikutero! Wodziwa amapambana, wosadziwa amaluza. Mwayi mulibemo ngakhale pang'ono."

A Immaculata anaimika simbi bwinobwino n'kutembenukira amuna awo.

"Ngakhale pang'ono?"

"Ngakhale kadontho."

"Tsoka nalonso mulibe?"

"Mulibe! Mwayamba kumva tsopano."

"Ndiye chaka chatha, pamene tinalephera kupita ku Zomba pa Khirisimasi, munkati makadi sanakukondeni..."

"Zija zinali zina."

"Ndi pamene munagulitsa njinga ya Melissa, munkati ndi tsoka."

"Ndikuti zinali zina!"

"Ayi, bambo, mwafotokoza bwino, ndamva. Ndikanena ndithu pamsonkhanopo kuti poka si njuga, ndi luso. Ndipo ndikatchula kuti mboni ndi amuna anga."

Mtima wa a Vitus unakhala pansi. Anadziponya pampando, akumwetulira ngati atenga poto wa ku Dubai uja. "Sawa, zatheka! Mkazi wanzeru ameneyu."

A Immaculata anapinda yunifomu, n'kutenga foni yawo.

"Mukuimbira ndani?"

"Amayi a kwaya. Chaka chonsechi takhala tikusala kudya Lachisanu lililonse kuti tsoka likuchokeni. Ndiwauze ayambe kudya. Si tsoka ayi, kungoti simutha kusewera."