A Norbert Chikuse, Amene Ankamenyera Anzawo pa Ayezi

Malemu a Norbert Chikuse anabadwa pa 14 Malichi 1975, kwa Kaphuka ku Dedza. Bambo awo anali malemu a Laban Chikuse, mayi awo ndi a Zelipa, mlongo wanga, amene akhala kutsogolo kunowa. Ine ndine Fredrick Kamtedza, malume awo. Sukulu ndinalekeza Sitandade 4, ndiye ndalemba monga ndikukumbukira. Pomwe ndaphonya chaka mundikhululukire. Azungu amene munasewera nawo malemu, mwana wawo Lindiwe akumasulirani ndikatha.

Ndisanapite patali ndinene chinthu chimodzi. Ndikudziwa zomwe zikunong'onedwa muno, ndi kumudzi komwe mukuonera pa foni, zoti malemu tikuwaika opanda ubongo ndipo amene achita zimenezi ndi akazi awo, a Selina. Ndikudziwanso kuti chichitikireni zovutazi mlongo wanga sanawalankhule a Selina, ngakhale moni. Onani mmene akhalira, wina uku wina uko, ana pakati. Nkhani imeneyo ndifikapo. Koma muyambe mwamva kaye kuti munthuyu anali ndani.

Mu 1979 a Laban anabwera kuno ku Canada kudzaphunzira. Maphunziro sanathe, anakalowa ntchito ku fakitale ya magalimoto ku Oshawa, ndipo mu 1981 anaitanitsa banja. A Norbert anafika ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Mlongo wanga amati tsiku loyamba kusukulu anabwera akulira, ati ana onse akuyenda pa madzi ouma koma iwo okha akungogwa. Mzungu wina woyandikana nawo nyumba anawapatsa nsapato zakale za mwana wake, zija zokhala ndi mpeni kunsi. Basitu. Kuyambira pamenepo mwana sankapezekanso pakhomo. Amakamutenga ku ayezi milomo itachita kuuma, iye akukana kubwera.

A Laban anatisiya mu 1989. Ine ndinabwera mu 1990 kudzathandiza mlongo wanga, n'kupeza ntchito yonyamula makatoni ku Etobicoke. Ndinapeza a Norbert ali mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu, koma msinkhu atandipitirira kale. Chichewa chawo chinali chija anachoka nacho kumudzi, cha mwana. Munthu wa ndevu ankati, "Malume, ine njala." Mpaka imfa yawo sichinakule.

Mpira wawo amati hoke. Kwa inu akumudzi amene simunauone: amathamanga pa madzi oundana ndi ndodo zokhota, kulimbirana kampira kakuda kophwatalala, kolimba ngati chidendene cha nsapato. Tsiku loyamba kukaonera, ndinangoona mwana wa mlongo wanga wataya ndodo, wavula magolovesi, wagwirana ndi chimzungu china, nkhonya zili phaphapha, anthu onse aimirira akuombera m'manja. Ine ndinatsika masitepe kuti ndikaleretse. Ndinafika mpaka pa galasi lotchinga bwalolo, ndikumenya, ndikuitana dzina. Alonda anandinyamula ngati thumba la chimanga n'kukandisiya panja. A Norbert anaseka chaka chathunthu. Ndi pomwe anandiuza kuti mu mpira umenewu ndewu imaloledwa, amangokutsekera m'kakhola kagalasi kanthawi pang'ono n'kukutulutsa.

Sekondale anamaliza mu 1993, akusewera kale timu ya achinyamata. Mu 1995 analembedwa ntchito yosewera, ya malipiro. Ankayenda pa basi usana ndi usiku, matauni ang'onoang'ono a kuno ndi a ku America, ena maina ake sindingathe kutchula. Kugoletsa ankagoletsa, koma si chimene anawalembera. Mu timu mumakhala anyamata aluso, ochepa thupi, amene adani amafuna kuwapweteka. Ndiye pamafunika munthu mmodzi woti wina akakhudza mnyamata wotere, iye apite akamufunse ndi nkhonya. Ntchito ya a Norbert inali imeneyo. Kunyumba anali munthu woti akaona kangaude amamutola ndi pepala kukamusiya panja. Koma akalowa mu ayezi, akochi akangowagwira paphewa, ankadziwa chochita.

Mu 1999 anaitanidwa ku ligi yayikulu, ija ya pa TV. Tinasonkhana mu apatimenti ya mlongo wanga ku Scarborough, Amalawi ndi anzathu a ku Zambia, ena kukhala pansi. Ambiri sitinkadziwa n'komwe malamulo ake, tinkangofunafuna nkhope yakuda imodzi ija. A Zelipa anaonera masewero onse atafunda chitenje kumaso, akufunsa kuti watha kumenyana kodi. A Norbert anakhala mu ligi imeneyo nyengo ziwiri, kenaka anawabwezera ku ligi yaying'ono. Sanadandaule. Kumeneko anthu ena ankawatukwana za khungu lawo, kuwaponyera zinthu. Izi sanatiuze, tazimva sabata ino kwa anzawo.

Pa 16 Ogasiti 2003 anakwatira a Selina Jere a ku Chipata, namwino. Anakumana ku chipatala, a Selina akuwasoka chikope. Ine ndinali nkhoswe. Mulungu anawapatsa ana awiri, Lindiwe mu 2005 ndi Zondiwe mu 2009.

Anapuma kusewera mu 2008. Mano akutsogolo anali oikirira, mphuno inathyoka kangapo, zala sizinkapindika bwino. Izo tinkaziona. Zomwe sitinkaziona ndi za m'mutu. Kangati anakomoka pa ayezi, kuwanunkhitsa mankhwala, n'kudzuka kubwereranso? Iwo omwe sankadziwa. Nthawi imeneyo ankangoti wamenyedwa belu, kutanthauza kuti mutu wangozungulira, upume pang'ono.

Atapuma analowa ntchito pa bwalo la ayezi ku Scarborough, kuyendetsa chigalimoto chija chosalaza ayezi, ndipo Loweruka ankaphunzitsa ana. Ana ambiri a m'nyumba zosanja zija, a ku Somalia, a ku Sri Lanka, athu omwe, anayamba kuima pa ayezi atagwira chala cha a Norbert. Ndewu sanaphunzitse mwana ndi mmodzi yemwe.

Matenda anayamba cha mu 2017. Poyamba mutu, kudana ndi kuwala, kusagona. Kenaka kuiwala. Tsiku lina anaimika galimoto pa msewu waukulu n'kuimbira a Selina kuti sakudziwa njira ya kunyumba, nyumba yomwe anakhalamo zaka khumi. Kenaka ukali. Munthu wofatsa uja ankaswa mbale chifukwa cha supuni yomwe yagwa. Ntchito inatha mu 2020. A Selina ankagwira shifiti kuchipatala, kubwera kunyumba kudzayamba ina. Kuwasambitsa, kuwameta, kuwabisira makiyi. Ambiri amene tikulankhula lero tinkabwera pa Khirisimasi pokha.

Mu 2023 kunachitika chinthu chomwe banja silinauze anthu, koma a Selina ndi Zondiwe andilola kuti ndinene. Zondiwe nayenso amasewera hoke. Tsiku limenelo analowa m'nyumba atavala juzi ya timu yake. Bambo ake sanamuzindikire. Anaona juzi yachilendo, anaimirira, anamugwira pakhosi, nkhonya ili m'mwamba. Mwana anangoti, "Dadi, ndine." Nkhonya ija sinatsike. Nzeru zitabwerera anakadzitsekera kubafa, ndipo a Selina anandiimbira kuti ndibwere.

Ndinawapeza a Norbert atakhala pansi, atatsamira bafa. Anandiuza kuti madokotala akuganiza kuti ndi matenda obwera chifukwa chomenyedwa m'mutu kawirikawiri, koma sangatsimikize munthu ali moyo, mpaka atauona ubongo weniweniwo. Anati akufuna akadzamwalira ubongo wawo udzaperekedwe kwa madokotala ofufuza. Ine ndinakana. Ndinati kwathu munthu amapita wathunthu monga anabwerera, ndipo anthu otenga ziwalo za maliro tili ndi dzina lawo. Kenaka anati, ndi Chichewa chawo chija, "Malume, mutu wanga anaswa kale. Mukakwirira, palibe adziwe. Zondiwe akusewera."

Ndinapita kunyumba, ndinapemphera, ndinakambirana ndi abusa. Patapita masabata angapo a Norbert anandifunsanso, tsiku lomwe mutu unali bwino, a Selina ali pomwepo. Ndinavomera. A Selina ndi amene ankalira kuti sakufuna, akuopa zomwe anthu adzanene. Mlongo wanga ndinamuuza ndekha, pamaso. Anakana, ndipo sindimuweruza, mwana anamubereka ndi iye, mmodzi yekhayo. Koma mwini mbumba ndine, ndipo mawu omaliza anali anga.

Chaka chathachi anasiya kulankhula Chingerezi. Chinangotsala Chichewa cha mwana chija. Anamwino ku nyumba yosamalira odwala ankatifunsa kuti "amayi" ndi "madzi" ndiye kuti chiyani. Chibayo chinawagwira kumayambiriro kwa mwezi uno, ndipo anatisiya pa 9 Novembala 2025, ali ndi zaka makumi asanu. A Selina sanalole dokotala aliyense kuwakhudza asanandiimbire. Anati, "Malume, akufunsa. Ndiwauze chiyani?" Ndinati auzeni atenge.

Ndiye inu amene mukuti mkazi wa ku Zambia wagulitsa mutu wa mwana wathu kwa azungu, mwamva. Palibe chomwe chagulitsidwa. Amene ali ndi mlandu abwere kwa ine, pakhomo panga mukupadziwa, nambala yanga muli nayo. Dzina la a Selina lichoke m'kamwa mwanu lero.

Achemwali, a Zelipa, ndikulankhula ndi inu tsopano. Ndikudziwa kuti n'kosavuta kukwiyira mtengwa kusiyana ndi kukwiyira mlongo wako. Kwiyirani ine, ndipirira, takalamba limodzi. Koma Norbert wapita, mwana wathu uja wapita, ndipo chomwe watisiyira ndi anthu atatu akhala apowo. Mukawataya amenewa mutsala ndi chithunzi pakhoma. Tikamachoka muno, galimoto yoyamba kutsatira bokosi mukwere inu, a Selina ndi ana. Ine ndibwera pambuyo. Kumanda dothi loyamba muponye awirinu, dzanja limodzi pamwamba pa linzake. Sindinakupempheni kanthu chibwerereni kuno. Ndapempha ichi.

Malemu asiya mayi awo a Zelipa, akazi awo a Selina, ana awiri, Lindiwe ndi Zondiwe, ine malume awo, ndi abale ku Dedza ndi ku Chipata.

Tikuthokoza abusa ndi mpingo wonse, amayi a chigwirizano amene akhala akugona pa siwa, anamwino amene anawasamalira, ndi Amalawi ndi anzathu a ku Zambia amene mwasiya mashifiti anu kubwera kuno. Tikuthokozanso azibambo asanu ndi mmodzi akhala kumbuyoko, tsitsi laimvi, ena akutsimphina. Ndi anyamata aja malemu ankawateteza. Ena achokera kutali kwambiri, ndipo apempha okha kuti anyamule bokosi. Kwathu ntchito imeneyi ndi ya adzukulu. Lero adzukulu athu ndi amenewa.

A Norbert, mwamenyera anzanu mokwanira. Kumene mwapitako kulibe woti mumuteteze. Tsitsani manja, mwana wa mlongo wanga, mugone. Mzimu wanu uuse mumtendere.