Anati Mulungu Wandithyola Mapiko

Moni nonse m'dzina la Ambuye wathu Yesu, makamaka inu amene muli kuno ku Dubai, kutali ndi kwanu. Ndine Tiyamike wa ku Ntcheu, ndimagwira ntchito mu ofesi ya kampani yonyamula katundu ku Jebel Ali. Lero ndikufuna ndikuuzeni za khansa imene inandigwira, ndi momwe ndinakanira kuikidwa m'manda ndili moyo.

Kuyambira ndili mwana ndinkalakalaka kuyendetsa ndege. Nditafika kuno ndinamva kuti kunja kwa mzinda, kuchipululu, kuli kabwalo kumene munthu wamba amaphunzira kuuluka. Anzanga akamakazungulira m'mashopu Loweruka, ine ndinkalowera kumeneko. Zinanditengera zaka, koma laisensi ya kandege ka injini imodzi ndinaipeza. Ntchito ya upayiloti sindinkaifuna ayi. Changa chinali chimodzi: kukabwereka kandege ku Tanzania n'kuuluka ndekha motsata gombe la nyanja yamchere, ndikaone ndi maso anga malo amene ndinkangowaloza ndi chala pa mapu.

Ndili mkati mokonzekera ulendowo, tsiku lina ndikusamba ndinamva kachotupa kolimba m'bere lakumanzere. Kuchipatala anati ndi khansa. Berelo analichotsa, kenako anandiyambitsa mankhwala a m'dripi aja othothola tsitsi. Dokotala woyeza oyendetsa ndege nayenso anandiuza mwaulemu kuti sindiloledwanso kuuluka ndekha. Kuntchito abwana anayamba kundifunsa mozungulira ngati sindikufuna kukadwalira kwathu. Inu amene muli kuno mukudziwa kuti ntchito ikatha, viza nayonso yatha, chithandizo cha kuchipatala nachonso khalas, chatha.

Koma chimene chinandilasa kwambiri chinachokera kwa anthu opemphera. Mayi wina wa m'gulu lathu la mapemphero anabwera kudzandizonda ku Al Nahda kumene ndimakhala. Anakhala pabedi langa, Baibulo lili pamiyendo, n'kunena kuti, "Achemwali, Mulungu wakuthyolani mapiko. Munthu wamkazi kumalendewera m'mitambo, mumapikisana ndi ndani? Lapani kudzikuza."

Mphamvu ndinalibe, koma ndinadzuka n'kuwatsegulira chitseko. Ndinawauza kuti, "Amayi, Mulungu wanga ali ndi pakamwa. Akafuna kundidzudzula andiuza yekha."

Atapita ndinagwa pansi n'kulira, chifukwa mawu awo anali atalowa kale. Kwa masabata angapo sindinkatsegula makatani. Ndege ikamadutsa ndinkadzifunditsa bulangete kumutu. Pemphero langa silinali lokongola. Ndinkangoti, Ambuye, ngati ndinu mwachita izi, lankhulani. Ngati si inu, musandisiye m'manja mwa anthu olankhula m'malo mwanu.

Yankho linabwera kudzera mwa munthu amene sindinkamuyembekezera. A Zulu, mkulu wa ku Chipata ku Zambia, ndi amene anandiphunzitsa kuuluka. Anali munthu wolimba pakamwa, sanandiyamikirepo ngakhale nditatera bwino chotani, ndipo kutchalitchi sankapondako. M'mawa wina anandiimbira foni ali panja pa nyumba yathu.

"Manje mwankhala chabe m'nyumba? Yalla, tiyeni, valani nsapato."

"A Zulu, dokotala anandiletsa."

"Anakuletsani kuuluka mweka. Sanakambe kuti simungankhale pambali panga."

M'galimoto anandiuza mawu ochepa kuti akazi awo anamwalira ndi matenda omwewa, ndipo iwo sanathe kuwachitira kanthu. Titafika ku kabwalo ka kuchipululu kaja tinakwera kandege.

Titanyamuka, mchenga uli kufupika pansi pathu, anachotsa manja awo pa chiwongolero n'kuwapinda pachifuwa. "Ndege ni yanu," anatero. Ndinagwira chiwongolero, mutu wopanda tsitsi uli thukuta lokhalokha, koma kandege kanandimvera monga kale. Pobwerera ndinasanza m'kathumba, iwo n'kumaseka kuti ngakhale anthu abwinobwino amasanza. Tsiku limenelo ndinadziwa kuti khansa yatenga bere langa, koma manja anga ndi nzeru zanga sinazikhudze.

Kuchokera pamenepo, thupi likangopezako mphamvu pakati pa mankhwala, a Zulu ankabwera. Lolemba lotsatira ndinalowa mu ofesi ya abwana mutu uli mbee, wopanda duku, n'kuwauza kuti sindipita kulikonse, ntchito yanga ndiigwira. Anangoti inshallah, nkhani ya kwathu sanaiyambitsenso.

Mankhwala atatha anandiunika thupi lonse, ndipo khansa sanaipeze. Dokotala wa oyendetsa ndege sanafulumire, anandidikiritsa miyezi yambiri akundiyeza mobwerezabwereza. Sindinamukwiyire, inali ntchito yake. Tsiku limene anandilola kuulukanso ndekha ndinagwada m'chimbudzi cha pachipatalapo n'kuthokoza Mulungu.

Tchuthi chitakwana ndinapita ku Dar es Salaam. Eni kandege anauluka nane kaye kuti aone ngati ndikuidziwa ntchito, kenako anandipatsa makiyi. Ndinalunjika kummwera, gombe lili kudzanja lamanja. Ndinaona mtsinje wa Rufiji ukulavulira madzi ake ofiira m'nyanja yobiriwira, nkhalango zomera m'madzi, ngalawa za matanga oyera zili ngati nthenga za nkhuku, ndi midzi yobisala m'mitengo ya kokonati. Lamba wa pampando ankadutsa pachipsera penipeni, ankawawa, koma ndinkaimba nyimbo za kwaya ya kwathu mokweza mmene ndingathere, popeza panalibe wondiletsa.

Nditayandikira Kilwa, mtambo wakuda wa mvula unatseka njira kutsogolo kwanga. Mtima unandiuza kuti ndilowemo, poti ndapulumuka zazikulu. Koma kulimba mtima si kumuyesa Mulungu. Ndinatera, ndinadya mpunga wa nsomba kwa mayi wina wogulitsa pafupi ndi bwalo, ndipo m'mawa mwake kutayera ndinapitiriza mpaka ku Mtwara.

Ndikuthokoza Mulungu amene amatuma aliyense amene wafuna, ngakhale munthu wosadziwa khomo la tchalitchi. Ndikuthokoza manesi amene ankasaka misempha yanga itabisala. Lero ndili ndi bere limodzi, ndimamwa mapiritsi tsiku lililonse, ndipo sindikudziwa za mawa kuposa momwe inu mukudziwira.

Mlongo wanga, ukamva chachilendo m'thupi lako, pita kuchipatala, usachite manyazi kapena kuopa abwana. Ndipo iwe amene uli pabedi panopa, pakamwa pakuwawa ndi mankhwala, dzuka lero ngakhale kungofika pazenera. Mpweya ukadali m'mphuno mwako, nkhani yako sinathe, ndipo palibe munthu padziko lino amene anapatsidwa mphamvu yoitseka. Ameni.