Tsiku Limene Mwana Wanga Anandilanda Mitengo

Zaka zija matipate atangoyamba kumene, pamene boma linalola kuti aliyense azilima fodya wa bale, ine ndinali mphunzitsi wamkulu pasukulu ina kufupi ndi Thazima. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma boma linanditumiza kuno ndili mnyamata ndipo ndinakwatira NyaGondwe, ndiye mukamva Chitumbuka changa chikutsimphina musaseke, ana inu.

Masiku amenewo ntchito tinkaidziwira zovala. Mwana wophunzira ankayenera kukhala namwino, mphunzitsi kapena kalaliki, osati monga lero pamene mumapeza munthu wa digiri ali pamwamba pa denga kumangirira sola, anthu n'kumamulemekeza. Ndiye mwana wanga woyamba, Tiwonge, atakhoza bwino Folomu 4, ndinali nditauza kale akuluakulu anzanga a mpingo kuti tidzamuona m'zoyera kuchipatala cha ku Khondowe. Koma iye anasankha maphunziro a zankhalango, ndipo atamaliza anamutumiza konkuno, kuti azithira dothi m'machubu a mbande ndi kuyenda m'mapiri atavala majombo. Ndinachita manyazi, sindingakunamizeni.

Chaka china ndinafuna kumanga zigafa ziwiri zoyanikira fodya, ndipo mitengo yowongoka bwino inali m'mbali mwa kasupe amene mudzi wonse unkatungapo madzi. Ndinkadziwa kuti mudzi unagwirizana zosadula pamenepo, koma ndinati ndani angaimitse ahedi? Ngolo itadzaza, tikutulukira pamsewu, ndinangoona anthu a komiti ya nkhalango atatsekereza njira, Tiwonge ali pakati pawo. Ena mwa iwo anali ana anga a sukulu akalekale, moti ankangoyang'ana pansi.

Mwana uja anabwera, n'kugwada pafumbi pomwepo monga tinamulerera, ndipo anati, “Adada, pepani chomene. Mitengoyi itsikira pano.”

Ndinati, “Ukudziwa kuti ukulankhula ndi ndani?”

Iye anati, “Ndikudziwa, adada. Koma sabata yatha tinalanda ya a Mhango, amene alibe mwana m'komiti. Ndikakusiyani inu, mawa ndikawauza chiyani?”

Mitengo inatsitsidwa anthu akuona, ndipo ine ndinatha mwezi wathunthu osamuyankha moni. Inu mukuseka, koma mtima wa kholo ukatupa sumva mankhwala.

Amene anandichiza ndi mayi ake. Tsiku lina m'mawa, dzuwa la Okutobala litayamba kale kuwawa, NyaGondwe anandipatsa ndowa m'manja, chinthu chimene sanachitepo chikwatiranireni, n'kunena kuti, “Lero madzi osamba mukatunge nokha.” Ndinapita kukasupe kuja mokwiya. Amayi anali pamzere wautali, mmodzi atagwada m'dzenje akupala timadzi tamatope ndi kapu, pamalo pomwe kale ana ankasambira. Pamwamba pawo panali zitsa, zina zakale, zina zanga, utomoni usanaume n'komwe. Ndipo ine ndi amene ndinatha zaka ndikulemba pabolodi kuti mitengo imasunga madzi, ana olephera kuyankha n'kumawapatsa chibalo! Palibe mayi anandinyoza. Anangondipatsa malo kuti nditunge msanga, ndipo ulemu umenewo unandipweteka kuposa chitonzo.

Madzulo ake ndinapita kunazale ya mitengo. Ndinamupeza Tiwonge akuthirira, ndipo ndinati, “Mama, ndipatseko mbande za mbawa ndi mkuyu.” Sanandikumbutse kanthu. Anangoti, “Yewo, adada,” koma misozi inali m'maso. Mvula itagwa tinakabzala limodzi, iye akundikonza kuti dzenje lachepa, chubu ng'ambani chonchi, ine n'kumvera ngati wa Sitandade 1.

Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Panapita zaka zingapo kasupe uja asanabwerere mwakale, koma lero ngakhale mvula ichedwe saphwa. Mwa achinyamata amene ankathandiza kunazale osalandira kanthu, wina tsopano ali ndi ming'oma ya njuchi m'nkhalango momwemo, wina amaperekeza alendo ku Nyika kukaona mbalame, ndipo mtsikana wina amaumba mbaula zosatha nkhuni, mpaka a ku Chitimba amamuitanitsa.

Ndiye inu amene mwamaliza sukulu, makalata ofunsira ntchito atatha kukutopetsani, sindikuti muleke kulemba, ayi. Koma kale ntchito tinkaifuna kuseri kwa desiki kokha, pamene lero ina ili kumtsinje, ina padenga, ina m'phiri. Safunsa anadya phula. Pitani kwa alangizi a zankhalango ndi a zaulimi mukafunse, yambani ngakhale mongodzipereka, dzanja lizolowere. Makolo anu akakwiya musawanyoze, apatseni nthawi, pakuti enafe timamva mochedwa. Ndipo amene akufuna kuyamba, Loweruka m'mawa andipeze kunazale atatenga khasu. Kuthira machubu ndikuphunzitsani ndine, poti mphunzitsi wanga anali wabwino, ngakhale ndinachita kumubereka ndekha.